Inki ya Buluu

Anabwera Lachiwiri, fumbi la Okutobala lili m'nsidze,
mayi Nachanza a ku Area 47,
kafulashi atakamanga pa nsonga ya mpango.
"Munditsukire zonse, achimwene, makumi asanu ndi limodzi.
Za ku Malta. Mwana wanga anandiitana."

Malta ndi kuti, mayi?
"Tizilumba titatu pakati pa nyanja yamchere.
Muja amanena abusa, ngalawa inaswekera mtumwi,
njoka n'kumuluma dzanja akusonkha moto."
Ine ndinkayesa kuti malo amenewo anatha kalekale
pamodzi ndi eni ake.

Makina anayamba kulavula.

Awa mayi Nachanza pa mchenga wofiirira,
nsapato m'manja, chitenje chakwezedwa kufika m'maondo,
nkhope ya munthu amene akudabwa
kuti madzi onsewa bilu yake amalipira ndani.

Awa mabwato achikasu, obiriwira,
aliyense ali ndi maso awiri pamphumi,
ati aziona tsoka lisanafike.
Minibasi za ku Kawale akanazijambula maso otere
bwenzi mlamu wanga akuyendabe ndi miyendo yake.

Iyi miyala yoimika, yotalika kuposa lole ya fodya ku Kanengo,
kachisi wopanda denga
amene anamangidwa anthu asanadziwe chitsulo.
Palibe simenti, palibe waya.
Mpanda wa kuseri kwa shopu ino ndi wa chaka chatha,
wagwa kawiri.

Kenako mzinda wa makoma a mtundu wa chiponde,
tinjira topapatiza, kabaza sangakhote.
Mzinga umene amauwomba dzuwa likafika paliwombo
kuti anthu akonze mawotchi.
Timaenje m'thanthwe
momwe nyanja imagona n'kudzuka itasiya mchere.

Koma nyanjayo!
Kumbuyo kwa tchalitchi, nyanja.
Pawindo la basi, nyanja.
Ngakhale pa chithunzi cha mbale ya nsomba
yasuzumira pakona ngati mwana wa aneba.
Chithunzi chilichonse chinkamwa buluu ngati ng'ombe ya m'chilimwe,
ndipo titafika pa cha makumi anayi ndi chimodzi
kanyali kofiira kanayamba kuphethira.

Ndinatuma Lufeyo.
Anazungulira Malangalanga yense, anawoloka mlatho,
anabwerera thukuta lokhalokha:
inki kulibe, akuti madola akusowa,
mwina mwezi wamawa.

Ndinayesabe chimodzi.
Chinatuluka mayi Nachanza ataima pathanthwe,
kumbuyo kwawo nyanja yakatondo,
mtsinje wa Lilongwe weniweni mu Januwale
pansi pa timilatho tamatabwa ta kumsika.
Kunangosowa mapepala a pulasitiki
ndi mnyamata wotolera ndalama ya powolokera.

Lachinayi anabweranso.
Ndinapepesa, ndinawaonetsa.
Anaseka mpaka kugwira kauntala.
"Iyi ndiye nyanja yodziwana nane!"
Kenako anayamba kusanthula zabwinozo chimodzichimodzi,
kuseka kuja kukuphwera,
ndipo anaima pa china, chala pansi penipeni pa chithunzi,
pomwe panali mthunzi wautali pa miyala,
mikono iwiri itakweza foni.

"Uyu ndi Tionenji.
Amasambitsa nkhalamba za eni usiku wonse,
masana n'kumandiyendetsa, akusinza m'basi.
Sabata ziwiri zathunthu,
sindinaganize n'komwe zoti ndimulande foniyo."

Ndinabwerera pa kompyuta, ndinatsegula zonse,
makumi asanu ndi limodzi.
Munali nyanja, miyala, amphaka a padoko,
mzungu wina wosadziwika akudya ayisikilimu.
Iye munalibe.

Analipira makumi anayi, chenji anandisiyira.
Chakatondo chija anati ndisunge.
Ndinachikhoma pakhoma ndi kapini
pakati pa zithunzi za pasipoti
zimene eni ake sanabwere kudzatenga,
nkhope zosaseka, makutu onse poyera,
zoyang'ana pakhomo.